Kapepala koyezera mkodzo: chida chaching'ono choteteza amayi oyembekezera ku Chiradzulu

Tsiku la sikelo limayamba m'mamawa m'boma la Chiradzulu. Ku Namitambo, ku Mbulumbuzi, ku Milepa, ku Mauwa kapena pachipatala chachikulu cha paboma, amayi oyembekezera amafika dzuwa lisanakwere, ena wapansi, ena pa kabaza, kabuku ka kuchipatala atakakulunga bwino m'jumbo kuopa mvula ndi thukuta. Ndondomeko yake aliyense amaidziwa: phunziro la zaumoyo, kukwera pasikelo, kuyezetsa kuthamanga kwa magazi, kugona pabedi kuti namwino apapase mimba ndi kumvetsera kugunda kwa mtima wa mwana, kenako kulandira mankhwala owonjezera magazi ndi oteteza malungo.

Pa mndandanda umenewu pali chinthu china chomwe chimayenera kukhalapo koma m'dziko muno chimatsalira kawirikawiri. Ndiko kuyeza mkodzo. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa m'chaka cha 2015 ndi 2016 anapeza kuti amayi 95 mwa 100 aliwonse amapita kusikelo ndi kuonedwa ndi ogwira ntchito ophunzitsidwa bwino. Mwa amayi opita kusikelowo, oposa 9 mwa 10 aliwonse anatengedwa magazi, oposa 8 mwa 10 anayezedwa kuthamanga kwa magazi, koma amene anayezedwa mkodzo anali pafupifupi mmodzi yekha mwa atatu aliwonse.

Chomvetsa chisoni n'chakuti mwa zoyeza zonsezi, kuyeza mkodzo ndiye kophweka kwambiri. Sikufuna magetsi, sikufuna jakisoni, sikufuna makina. Kumafuna kabotolo koyera, kapepala kakang'ono ndi mphindi imodzi. Koma mphindi imodzi imeneyo ingasiyanitse mayi wobwerera kumudzi ndi khanda kumsana ndi mayi amene abale ake akukonzera maliro.

Matenda obwera mwakachetechete

Matenda amene kapepalaka kamathandiza kuwapeza madokotala amawatcha pre-eclampsia. Kumudzi anthu amangoti “mayi uja wakwera BP ya pamimba”. Amayamba mimba ikapitirira masabata 20, ndiye kuti kuyambira mwezi wachisanu kupita kutsogolo, ndipo akhoza kubuka ngakhale mayi atachira kale, mpaka masabata 6 mwana atabadwa.

Gwero lake ndi nsengwa. Kumayambiriro kwa mimba, nsengwa imayenera kumera bwino m'chiberekero ndi kutsegula mitsempha ya mayi kuti magazi azifika ochuluka kwa mwana. Zimenezi zikapanda kuyenda bwino, nsengwa imalandira magazi osakwanira, ndipo imayamba kutulutsa zinthu zomwe zimavulaza mitsempha ya magazi m'thupi lonse la mayi. Mitsempha imapanikizika, magazi amathamanga kwambiri, ndipo ziwalo zikuluzikulu zimayamba kuvutika: impso, chiwindi, ubongo, ngakhalenso magazi enieniwo amene amasiya kuundana bwino. Mwana naye amapinimbira m'mimba chifukwa chakudya ndi mpweya sizikumufikira mokwanira.

Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati matendawa amagwira amayi apakati pa 2 ndi 8 mwa 100 aliwonse oyembekezera, ndipo matenda a kuthamanga kwa magazi pamimba amachititsa pafupifupi imfa 16 mwa imfa 100 zilizonse za uchembere padziko lapansi. Kuno kwathu, matendawa amatchulidwa pamodzi ndi kutaya magazi ndi matenda olowa m'thupi pochira monga adani atatu akuluakulu a amayi.

Kuopsa kwake kwagona pa kubisala. Mayi akhoza kumalima, kumatunga madzi, kumapita kumsika wa pa Mbulumbuzi kukagulitsa tomato, osamva kupweteka paliponse, pamene mkati zinthu zayamba kale kuonongeka. Zizindikiro zikamadzaoneka, monga mutu waukulu wosamva panado, chidima m'maso, kupweteka chapamtima kapena pansi pa nthiti za kumanja, kutupa nkhope ndi manja, nthawi imakhala itatha kale. Chotsatira chake ndi kukomoka ndi kutsalima ngati wakhunyu, komwe madokotala amakutcha eclampsia. Apa moyo wa mayi ndi wa mwana umakhala pachiswe.

Chimene mkodzo umaulula

Impso zimagwira ntchito ngati sefa ya ufa: zimalola madzi ndi zoipa kudutsa n'kukhala mkodzo, koma zimasunga m'magazi zinthu zofunika monga mapuloteni. Sefayo ikabooka, zomwe zimayenera kutsala zimayamba kudutsa. Mapuloteni akapezeka ambiri mumkodzo wa mayi amene magazi ake akuthamanga, ndi chizindikiro chakuti vuto silili m'mitsempha mokha, lafika ku impso.

Nzeru imeneyi si yatsopano. M'chaka cha 1843, dokotala John Lever wa pachipatala cha Guy's ku London anazindikira kuti amayi oyembekezera omwe ankakomoka ankakhala ndi mapuloteni mumkodzo wawo. Kwa zaka zambiri madokotala ndi anamwino ankayeza powiritsa mkodzo m'kagalasi pamoto. Ukachita mitambo yoyera yosasungunuka ankadziwa kuti muli mapuloteni. Timapepala tomwe tikugwiritsa ntchito lero tinayamba kupezeka m'zaka za m'ma 1950.

Kagwiritsidwe kake n'kosavuta. Mayi amapatsidwa kabotolo. Amasamba m'manja, amataya mkodzo woyamba pang'ono, n'kutunga wapakati. Namwino amaviika kapepala mumkodzomo, amakachotsa msanga, amadikira mphindi imodzi, kenako amayerekeza mtundu wake ndi mitundu yojambulidwa pabotolo la timapepalato. Kakakhalabe kachikasu ndiye kuti mulibe mapuloteni. Kakayamba kubiriwira, amalemba zotsatira motsata kukula kwa kusinthako: 1+, 2+, 3+ kapena 4+.

Zotsatirazi siziyima pazokha. Zimayendera limodzi ndi makina oyezera kuthamanga kwa magazi. Mayi wapakati akapezeka ndi 140 pa 90 kapena kupitirira apo, ndipo atamuyezanso patapita maola angapo nambala zili zomwezo, ndiye kuti magazi ake akuthamanga. Ngati mkodzo uli bwino ndipo palibe chizindikiro china, mayiyo amafunika kumuyang'anira pafupipafupi ndi kumupatsa mankhwala ngati pakufunika kutero. Koma ngati mkodzo waonetsa 2+ kapena kuposa, nkhani yasintha: ameneyu si wobwerera kumudzi n'kudzabwera mwezi wamawa. Akafika 160 pa 110, ndi ngozi yofunika kuthamangira nthawi yomweyo, kaya mkodzo waonetsa chiyani.

Apa ndi pamene pali phindu lenileni la kapepalaka pachipatala chaching'ono chakumudzi. Namwino amene ali yekha ndi amayi ambirimbiri pamzere amayenera kusankha: uyu abwerere kunyumba, uyu akhale kuchidikiro, uyu tiitane ambulansi. Popanda kuyeza mkodzo, chisankho chimenechi amachipanga ndi theka la uthenga.

Kapepala kamanamizanso

Anamwino odziwa ntchito amadziwa kuti kapepalaka si mneneri. Kakhoza kubiriwira pamene mayi alibe pre-eclampsia. Mkodzo ukasakanikirana ndi chikazi kapena magazi, kapenanso mayi akakhala ndi matenda a m'chikhodzodzo, zotsatira zimasokonekera. M'madera amene anthu amachapa ndi kusamba m'mitsinje ndi m'madambo, likodzo nalo limatulutsa magazi ndi mapuloteni mumkodzo. Mayi amene wayenda mtunda wautali padzuwa osamwa madzi amakhala ndi mkodzo wokhathamira womwe ungaonetse 1+ popanda vuto lenileni. Mbali inayi, mayi amene wamwa madzi ambiri akhoza kuonetsa kuti zonse zili bwino pamene mapuloteni akutayika.

Timapepalato natonso timafuna chisamaliro. Botolo lake likasiyidwa losatseka m'nyengo yachinyezi, kapena likakhala padzuwa, kapena masiku ake akapitirira, timaonongeka n'kuyamba kunama. Kuwerenga mtundu wake m'chipinda cha mdima kapena mochedwa kwambiri kumasocheretsanso.

N'chifukwa chake pachipatala chokhala ndi labotale madokotala amakonda kutsimikiza ndi njira zina. Yakale ndi yosonkhanitsa mkodzo wonse wa maola 24. Mapuloteni akafika mamiligalamu 300, ndiye kuti vuto lilipo. Ina yachangu ndi yoyerekeza kuchuluka kwa mapuloteni ndi chinthu china chotchedwa creatinine mumkodzo wa nthawi imodzi.

Palinso mfundo ina yofunika imene akatswiri anaikhazikitsa kuyambira m'chaka cha 2013: mayi akhoza kukhala ndi pre-eclampsia ngakhale mkodzo wake ulibe mapuloteni. Ngati magazi akuthamanga ndipo mutu ukumuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, chiwindi kapena impso zasokonekera, kapena mwana sakukula, matendawo ndi omwewo. Choncho kapepala kachikasu si chilolezo chonyozera dandaulo la mayi. Kapepala kamathandiza namwino kuganiza. Sikalowa m'malo mwa maso ndi makutu ake.

Phunziro lomwe Chiradzulu inapereka kale

Wina akhoza kunena kuti dziko losauka silingakwanitse kuyeza mayi aliyense. Mbiri ya boma lino ikutsutsa maganizo amenewo.

M'chaka cha 2001, pamene ambiri padziko ankati mankhwala otalikitsa moyo ndi ovuta kwambiri kuti aperekedwe kumidzi ya mu Africa, bungwe la Médecins Sans Frontières mogwirizana ndi Unduna wa Zaumoyo linayamba kupereka ma ARV aulere ku Chiradzulu. Pasanapite zaka zambiri, chithandizocho chinachoka paboma pokha n'kufika m'zipatala zing'onozing'ono, ndipo anamwino anaphunzitsidwa ntchito yomwe kale inali ya madokotala okha. M'chaka cha 2013, makina oyezera kuchuluka kwa kachilombo m'magazi anayamba kugwira ntchito m'zipatala za m'boma lomweli. Dziko lonse la Malawi nalo linatsogolera mayiko ena mu 2011 poyamba kupereka ma ARV a moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera wopezeka ndi HIV.

N'chifukwa chake lero pafupifupi mayi aliyense amatengedwa magazi kusikelo. Zinatheka chifukwa panali ndalama zotetezedwa, zipangizo zinkawerengedwa mwezi ndi mwezi, ndipo chipatala chilichonse chinkafunsidwa kuti mwayeza angati. Chinthu chimene akuluakulu amachifunsa ndi chimene chimachitika. Ngati boma lino la anthu oposa 350,000, monga kalembera wa 2018 anapezera, linatha kufikitsa kumudzi kuyeza kovuta kwa HIV, kapepala ka mkodzo sikangatikanike. Chikusowa si nzeru kapena luso. Chikusowa ndi kuika kapepalaka pamndandanda wa zinthu zosayenera kutha m'nkhokwe, kuyambira ku Central Medical Stores Trust mpaka m'kabati ya namwino, pamodzi ndi timabotolo, chimbudzi chaukhondo pafupi ndi chipinda cha sikelo, ndi makina a BP ogwira ntchito.

Ku Zomba, boma loyandikana ndi Chiradzulu, kunayesedwa makina a BP otchedwa CRADLE, opangidwira madera osowa zipangizo, omwe amayatsa nyali yobiriwira, yachikasu kapena yofiira posonyeza kukula kwa ngozi. Kafukufukuyo, wotsogoleredwa ndi akatswiri a ku King's College London, anachitika m'madera 10 a m'mayiko 8 ndipo zotsatira zake zinatuluka mu 2019. Makinawo anafalikira ndipo amayi ambiri anayezedwa, koma kafukufukuyo sanathe kutsimikiza kuti makina paokha ndiwo anachepetsa imfa. Phunziro lake n'lomveka: kuyeza ndi khomo chabe. Chopulumutsa ndi zimene zimatsatira.

Zikapezeka, chotsatira n'chiyani?

Mankhwala alipo, ndipo si okwera mtengo. Otsitsa kuthamanga kwa magazi monga methyldopa, nifedipine ndi hydralazine ndi odziwika m'zipatala zathu. Oteteza kukomoka ndi magnesium sulphate. Kafukufuku wamkulu wotchedwa Magpie, yemwe anakhudza amayi oposa 10,000 m'mayiko 33 ndipo anasindikizidwa mu 2002, anaonetsa kuti mankhwalawa amachepetsa kukomoka ndi kupitirira theka. Namwino wa pachipatala chaching'ono amaphunzitsidwa kupereka gawo loyamba la mankhwalawa asanatumize mayi ku chipatala chachikulu, kuti asakomokere panjira.

Kuchokera pamenepo, mayi amapita kuchipatala cha boma cha Chiradzulu kapena cha mishoni cha St Joseph's ku Nguludi komwe angachitidwe opaleshoni, ndipo zikavuta kwambiri amatumizidwa ku Chatinkha, pachipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Popeza gwero la matendawa ndi nsengwa, mankhwala ake enieni ndi kuchira. Mimba ikafika masabata 37, madokotala amachititsa kuti mayi achire osadikira tsiku. Ikakhala yaing'ono, amayesa kugula masiku kuti mapapo a mwana akhwime, koma moyo wa mayi ukakhala pangozi mwanayo amabadwa msanga. Mabanja ambiri amadabwa ndi kukhumudwa akauzidwa kuti mwana atuluke masiku asanakwane. Ndi bwino kudziwiratu kuti chisankho chimenechi nthawi zambiri chimapulumutsa onse awiri.

Kupeza vuto msanga kumapereka mwayi woyenda masana, msewu uli bwino. Anthu a kuno sanaiwale namondwe Freddy wa mu Malichi 2023, pamene matope ochokera m'phiri anakwirira mudzi wa Ntauchira ndipo misewu ndi milatho yambiri inaduka. Ngakhale chaka chopanda namondwe, dzinja limasandutsa ulendo waufupi kukhala wa maola. Mayi amene mkodzo wake wachenjeza Lachiwiri m'mawa akhoza kusamutsidwa mwadongosolo. Amene sanayezedwe amadzanyamulidwa pakati pa usiku atakomoka, abale akusakasaka galimoto.

Palinso njira zochepetsera ngozi matenda asanayambe. Amayi ena ali pachiopsezo chachikulu: a mimba yoyamba, atsikana achichepere, amayi opitirira zaka 40, oyembekezera mapasa, omwe anadwalapo matendawa pa mimba ya m'mbuyo, a matenda a shuga, a impso kapena a BP yakale. Kwa amene ali pachiopsezo chachikulu, WHO imalimbikitsa aspirin wa mlingo wochepa, mamiligalamu 75 patsiku, kuyambira mimba isanafike masabata 20, koma motsogoleredwa ndi achipatala, osati wogula pagolosale mwa iwe wekha. Kumadera komwe zakudya zimakhala ndi kashiamu wochepa, mapiritsi a kashiamu amathandizanso. Kafukufuku wa ku Tanzania ndi India wotuluka mu 2024 anapeza kuti mamiligalamu 500 patsiku amateteza pre-eclampsia mofanana ndi mlingo waukulu wa 1,500, zomwe zingachepetse mtengo ndi kuchuluka kwa mapiritsi omwa.

Zonsezi zimafuna kuyamba sikelo msanga. Kafukufuku wa 2015 ndi 2016 uja anapeza kuti mayi mmodzi yekha mwa anayi ndiye ankayamba sikelo m'miyezi itatu yoyambirira, ndipo theka lokha ndi lomwe linkakwanitsa maulendo anayi. Kuyambira 2016, WHO imalimbikitsa maulendo 8, ambiri mwa iwo kumapeto kwa mimba, nthawi yomwe matendawa amakonda kubuka. Mwambo wobisa mimba mpaka itaonekera uli ndi zifukwa zake, koma namwino si munthu womubisira.

Zokambidwa pakhomo

Mayi wapakati akatupa, pakhomo pamamveka mawu osiyanasiyana. Ena amati “ndi mapasa amenewo”. Ena amati mimba iliyonse imatupitsa. Akuluakulu ena amaganiza za tsempho, n'kuyamba kufunsa ngati bambo wa pakhomopo sanayende njira zosayenera. Mayi akakomoka, ena amathamangira kwa sing'anga poganiza kuti walodzedwa kapena wagwidwa ndi mizimu.

N'zoona kuti kutupa mapazi pang'ono madzulo kumachitika kwa amayi ambiri opanda vuto lililonse. Koma nkhope yotupa pouka m'mawa, zala zokanika kupinda, mphete yokanirira mwadzidzidzi, zimenezo si za mapasa. Anakubala, apongozi ndi anankungwi amanena za mapasa kapena tsempho chifukwa chokonda mwana wawo, ndipo chikondi chomwecho ndicho chingawapangitse kukhala oyamba kunena kuti “tiyeni kuchipatala lero lomwe”. Nkhani za m'banja zikhoza kukambidwa mawa. Impso ndi ubongo sizidikira bwalo.

Mafumu a m'boma lino, a Mpama, a Likoswe, a Kadewere, a Nkalo, a Chitera, a Ntchema ndi anzawo, ali ndi mawu omveka m'midzi. Kuyambira pamene boma linaletsa azamba kubereketsa mu 2007, ndiponso pa nthawi ya kampeni ya uchembere wabwino ya Pulezidenti Joyce Banda mu 2012, mafumu m'dziko muno anathandiza kwambiri kuti amayi azichirira kuchipatala, mpaka 91 mwa 100 aliwonse anayamba kutero. Imfa za uchembere zinatsika kuchoka pa 984 mwa ana 100,000 obadwa amoyo mu 2004 kufika pa 439 mu 2015 ndi 2016. Amayi anamvera, anabwera. Tsopano udindo uli kwa amene anawaitana kuti akafika apeze chithandizo chathunthu. Makomiti a zipatala, makhansala ndi aphungu akamayendera zipatala, funso loti “timapepala toyezera mkodzo tilipo?” liyenera kufunsidwa mofanana ndi la mankhwala a malungo. Alangizi a zaumoyo, omwe amafika khomo ndi khomo, angathe kuphunzitsa banja lonse zizindikiro zoopsa, osati mayi yekha, chifukwa wokomoka sadzitengera yekha kuchipatala.

Ndipo mwana akabadwa, nkhani siinathe. Mutu waukulu kapena chidima m'masiku a chikuta si kutopa wamba. Mayi amene anadwala pre-eclampsia amakhalanso ndi chiopsezo chachikulu chodzadwala BP ndi matenda a mtima m'tsogolo, choncho ayenera kumayezetsa ngakhale ana atakula, ndi kunena mbiri yake akangoyamba sikelo ya mimba ina.

Ufulu wofunsa

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Mayi aliyense wopita kusikelo ali ndi ufulu wofunsa mafunso atatu mwaulemu: “BP yanga ili bwanji lero, ndipo mwailemba m'kabuku? Kodi mkodzo wanga uyezedwa? Ndikaona chiyani kuti ndibwerere msanga tsiku lisanakwane?” Bambo amene waperekeza mkazi wake asangokhala pansi pa mtengo kudikira, amve nawo mayankhowo, asunge ndalama ya ulendo wadzidzidzi, adziwiretu wa njinga yamoto kapena galimoto amene angamudzutse usiku.

Anamwino athu amagwira ntchito yolemetsa, ochepa pakati pa amayi ochuluka, ndipo ambiri mwa iwo amadziwa bwino lomwe kufunika kwa kuyeza mkodzo. Sangaviike kapepala komwe kulibe. Amene amapanga bajeti ya zaumoyo kuboma ndi ku Lilongwe ayerekeze mtengo wa botolo limodzi la timapepala ndi mtengo wa mafuta a ambulansi, opaleshoni yadzidzidzi, masabata a khanda lobadwa masiku osakwana m'chipatala, kapena ana amasiye otsala m'manja mwa agogo. Mayi aliyense amene magazi ake apezeka akuthamanga ayenera kuyezedwa mkodzo tsiku lomwelo, pachipatala chomwecho, ndipo zotsatira zake zitsogolere chochita. Chiradzulu inatha kale zazikulu kuposa izi.